Fufutani Dzina Langa pa Boti

Senga Bay
18 Januwale 2025

Mlongo wanga Kulusumu,

Asalamu alaikumu. Kuno tonse tadzuka bwino, Alihamudulila, ndipo amayi mwendo uja wasiya kuwavuta. Kaya iwe ku Lilongweko, Folomu 4 ikukutenga bwanji? Popeza kusukulu kwanuko foni amalanda ngati chamba, ndabwerera ku cholembera ngati munthu wakale. Kalatayi ndapatsira mayi Pauline, aja amapita ndi usipa kumsika wa mu Lilongwe. Akuti azidzera pageti panu, ndiye yankho uziwapatsa iwowo.

Nkhani ndi iyi: boti la bambo latha, lija akhala akulilota kuyambira tili ana. Nditaliona litaima pamchenga, lalitali, lopaka penti yoyera ndi ya buluu, ndinangoti kukamwa yasa. Sindinkakhulupirira kuti chinthu chotere n'chathu ife, ana a a Omari amene tinakulira m'bwato lodontha. Loweruka lapitali tinalilowetsa m'madzi. A shehe anawerenga duwa yopempha madalitso, amayi anaphika mpunga ndi mbuzi, ndipo doko lonse linabwera kudzadya, ngakhale aja sitilankhulana nawo.

Kutsogolo kwa botilo bambo anali ataphimbako ndi chitenje. Duwa itatha anachichotsa, ndipo panaoneka zilembo zofiira zikuluzikulu: DOKOTALA KULUSUMU. Amayi onse nthungululu. Bambo, amene umadziwa kuti amawerenga Chiarabu chokha, anayendetsa chala pa chilembo chilichonse, maso ali mbuu ndi misozi. Maboti ena pano ali ndi mayina a matimu a mpira, ena mawu ojeda adani, koma lathu lokha ndilo lili ndi dzina la munthu wamoyo.

Ndiye mayi dokotala, werengani. Takutumizira usipa wouma ndi sopo. Utiuze chimene chikusowa.

Ine mchimwene wako,
Ayub


Lilongwe
2 Febuluwale 2025

Achimwene Ayub,

Wa alaikumu salamu. Ndalandira kalata, usipa ndi sopo, zikomo kwambiri. Mundiperekere moni kwa bambo ndi amayi. Za botilo ndakondwa, ndipo ndawerenga kalata yanu kangapo kuti ndilione m'maganizo.

Kuno zinthu zathina. Aphunzitsi m'mawa uliwonse amalemba pakona ya bolodi masiku otsala kuti tilembe MSCE. Amatiuza kuti ku udokotala amatengako anthu ochepa zedi m'dziko lonse lino, okhoza mwapamwamba okhaokha. Atsikana ena amaviika miyendo mu ndowa ya madzi ozizira kuti tulo tisawagwire akamawerenga, nanenso ndayamba. Netiboli ndinasiya. Chakudya ndimadya buku lili pamiyendo. Chodabwitsa n'chakuti tsamba limene ndawerenga dzulo, lero ndimaliona ngati lachilendo.

Mnzanga wa bedi loyandikana nalo, Mayankho wa ku Chitala, ndinamuonetsa kalata yanu. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, ati iye bambo ake ngolo yawo angoilemba kuti Zonse Ndi Nthawi, ndiye amagona tulo tabwino.

Achimwene, kodi dzina la boti likalembedwa silisinthika? Ndikungofunsa. Bwenzi mukanangolemba Kulusumu basi, kapena dzina la amayi. Mayeso sindinalembe n'komwe.

Mukapeza mpata munditumizire mabatire a tochi ndi mankhwala a mutu.

Mlongo wanu,
Kulusumu


Senga Bay
22 Febuluwale 2025

Kulusumu,

Salamu. Tili bwino, kaya mutu uja? Mabatire ndi mankhwala ali m'kajumbo kakuda.

Funso lako landiseketsa. Usachite manyazi, dzinalo latiyanja ndipo labwera ndi mwayi. Chiyambireni botili silinabwerepo chimanjamanja. Amalonda m'mawa amakhala akukankhana, ati ife tigula wa kwa Dokotala. Ana akamaliona likubwera amathamanga m'mbali mwa madzi akukuwa dzina lako. Ukanaona, ukanadabwa ngati ine, kuti kamtsikana kamene ndinkakabereka kumsana kupita nako ku madrasa lero kali pakamwa pa doko lonse.

Dzana mayi Asma, oyandikana nafe aja, anauza amayi kuti msana wawo sapita nawonso kuchipatala, ausunga mpaka iwe udzamalize. Lachisanu lapitali a shehe anakutchula mu duwa pamzikiti. Bambo akamakwera m'boti amayamba asisita dzinalo kenako n'kunena Bisimila. Ndiye ukamawerenga uzidziwa kuti suli wekha, tonse kuno maso ali pa iwe.

Ramadani yayandikira. Amayi akufunsa ngati kusukuluko amakusungirani chakudya cha daku m'bandakucha ndi cha futali madzulo.

Ayub


Senga Bay
29 Malichi 2025

Kulusumu,

Salamu. Kodi kwagwanji? Mayi Pauline abwera kawiri opanda kalata yako. Ulendo woyamba anauzidwa kuti muli pa mayeso oyeserera, a moko aja, tinamvetsa. Ulendo wachiwiri mlonda wapageti anawauza kuti wakana kutuluka. Amayi sakudya bwino futali chifukwa cha iwe. Idi ndi mkucha, nsalu yako yatsopano asoka kale.

Ngati ndi ndalama nena. Ngati wadwala nena. Kapena udokotala wayamba kale, moti kulembera asodzi kalata n'kutaya nthawi? Ndikuseka chabe, koma yankha.

Ayub


Lilongwe
5 Epulo 2025

Achimwene,

Wa alaikumu salamu. Pepani pokukhalitsani ndi nkhawa. Ndinkayamba kalata n'kung'amba, kuyamba n'kung'amba. Lero ndingonena.

Moko ndalephera. Sikuti ndinalemba zolakwika ayi, sindinalembe. Tsiku la Bayoloje, phunziro limene ndimaliposa onse m'kalasi, ndinakhala pansi, anatipatsa mapepala, ndinalemba dzina langa pamwamba. Nditaliyang'ana dzinalo ndinaliona lofiira, lalikulu, lili pa thabwa, ana akuthamanga akulikuwa. Ndinaona mayi Asma atagwira msana akundidikira. Dzanja linayamba kunjenjemera, mtima ukugunda mpaka m'makutu, mpweya ukukana kulowa. Mafunso ndinkawaona koma mutu unangoima. Anzanga akutembenuza masamba, ine ndili chikhalire, mpaka belu. Poimirira ndinagwa, ndipo ndinadzidzimukira m'chipinda cha odwala a metuloni akundikupiza ndi katoni.

Anandiyeza malungo sanawapeze. A nesi anati ndi kutopa ndi nkhawa basi. Mapepala otsatira ndinalowa, koma zinali chimodzimodzi, mizere iwiri itatu kenako mdima. Musanene kuti ndi kusala, chifukwa ndinayamba kale kusagona Ramadani isanafike.

Achimwene, ndikuopa. Ndikaganiza za mayeso a mu Julayi thupi lonse limazizira. Ndaganiza zoti MSCE ndisalembe, chifukwa kuli bwino anthu anene kuti sanalembe kusiyana n'kuti anene kuti Dokotala walephera. Tchuthi chino sindibwera, nditsala ndi a Folomu 4 ena amene akuchita makalasi apadera. Sindingathe kutsika minibasi n'kuliona botilo.

Chimodzi chokha ndikupempha, ndipo muwauze bambo mmene ndalemberamu: fufutani dzina langa pa boti. Likundilemera, sindikutha kupuma nalo.

Kulusumu


Senga Bay
12 Epulo 2025

Kulusumu,

Moni ndikupatsa chifukwa ndi lamulo, koma ndakwiya nawe.

Kalata yako ndawawerengera bambo ndi amayi pakhonde, mawu onse osadumpha. Amayi analira. Bambo anandiuza kuti ndibwereze pamene wanena za kufufuta, ndinabwereza, ndipo anangodzuka n'kupita kukasoka ukonde. Mpaka lero sananenepo kanthu.

Ine ndiye ndinena. Munthu wamkulu wakupatsa ulemu umene sanapatsepo wina aliyense, ngakhale ine amene ndimagona pamadzi ndi iwo, iwe n'kumati ukukulemera? Ine ndinasiyira Folomu 2 n'kulowa m'bwato, sindinadandaulepo, ndimati bola mmodzi wa ife apite patali. Nena zoona, anzako a m'tauniwo akuseka kuti dzina lako lili pa chinthu chonunkha nsomba, ndiye wachita nafe manyazi. Kuwerenga buku uli pamthunzi kungamugwetse munthu? Bwera udzakoke ukonde wa chilimira usiku umodzi wokha, udzaone kutopa kwenikweni.

Dzinalo silichoka. Werenga.

Ayub


Senga Bay
21 Epulo 2025

Mlongo wanga Kulusumu,

Asalamu alaikumu. Kalata yanga yapitayi uing'ambe. Ndinalemba ndi mkwiyo ndipo ndinalakwa, undikhululukire. Zimene ndaona masiku ano zandisiya kakasi, ndipo sindikudziwa ngati ndingathe kuzifotokoza bwino.

Lachisanu titatuluka ku mapemphero a Juma, bambo sanapite kunyumba. Anadzera pagolosale n'kugula kachitini ka penti ya buluu ndi bulashi. Ndinawatsatira osadziwa kuti akupita kuti. Anafika pa boti, dzuwa lili paliwombo, anthu onse ochokera kumzikiti akudutsa, azimayi ali pa mathandala kuyanika usipa. Anapinda mkanjo wawo woyera, anagwada pamchenga, n'kuyamba kupaka. Ndinawanong'oneza kuti bwanji osadikira kude, kapena ndichite ndine. Anati dzinalo analiika anthu akuona, alichotsanso anthu akuona. Anapaka pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi. Doko lonse linangoti zii, moti ndinkamva bulashi ikukhula thabwa.

Iwe ukudziwa mmene anthu akuno amaganizira. Bambo safufuta dzina la mwana wake wamkazi popanda chifukwa. Pofika madzulo nkhani inali itamveka kale mpaka kumsika kuti Kulusumu ali ndi mimba ndipo amuchotsa sukulu, n'chifukwa chake sanabwere pa Idi ngakhale pa tchuthi. Ena anafika ponena kuti wamwalira ndipo tikubisa. Loweruka m'mawa mayi Asma anabwera ndi amayi ena atatu, ufa uli pamutu, kudzapepesa. Alovi athu awiri, anyamata okoka ukonde aja, asamukira ku boti lina, ati boti lofufutidwa dzina lili ndi tsoka.

Ine magazi anawira. Ndinafuna kuima padoko n'kuwauza onse kuti mlongo wanga ali kusukulu, wangodwala ndi mayeso. Bambo anandigwira mkono. Anati ndikatero mawa doko lonse liyamba kufunsa kuti nanga wachira, nanga alemba, nanga akhoza, ndipo katundu amene amuchotsa pa mwanayo abwerera pomwepo. Anati manyazi awa ndi awo, chifukwa penti anagula ndi iwo. Munthu wina wamkulu atawafunsa pamzikiti kuti chachitika n'chiyani, anangoyankha kuti, "Botilo ndi langa."

Kulusumu, bambo amenewa ndakhala nawo m'bwato zaka zonsezi, ndawaona akulimbana ndi mafunde otalika kuposa nyumba, koma sindinawaonepo akulu ngati mmene ndinawaonera atagwada pamchenga paja. Anthu akuwaloza zala, iwo akungoyenda ngati palibe kanthu, akupereka salamu kwa aliyense.

Dzulo anandikhazika pansi kuti ndilembe mawu awo. Ndi awa, sindinawonjezere:

"Mwana wanga, ndinaganiza kuti ndikukupatsa mphepo yokukankha, osadziwa kuti ndakuika mwala m'bwato. Ndauchotsa. Mwezi ukawala ife sitipita panyanja, chifukwa usipa sutsatira nyali. Timagona, timasoka maukonde, ndipo palibe amatitcha aulesi. Kodi kusukulu kwanuko mwezi suwala? Ugone. Mayeso ukafuna kulemba ulembe, ukapanda kulemba ubwere, mphasa yako ilipo."

Amayi akuti udye. Takutumizira chinangwa chouma ndi utaka pang'ono.

Mchimwene wako,
Ayub


Lilongwe
10 Meyi 2025

Achimwene Ayub,

Wa alaikumu salamu. Kalata zanu ziwiri mayi Pauline anandipatsa tsiku limodzi, ndipo mwamwayi ndinayamba kutsegula yachiwiri. Yoyambayo ndaiwerenga pambuyo, sinandipweteke kwambiri. Musadandaule nayo.

Ndinawerengera kuseri kwa hositelo, ndipo ndinalira mpaka Mayankho anabwera kudzandifuna. Ine ndinkaganiza kuti dzinalo mukalifufuta mwakachetechete, anthu n'kuiwala. Sindinaganizeko n'komwe zimene doko linganene. Bambo anadziwa, asanagule n'komwe pentiyo anadziwa, koma anapitabe. Ndikaganiza zoti akuyenda kupita kumzikiti anthu akunong'onezana za mimba yanga yomwe kulibe, iwo osatsegula pakamwa, ndimachita mantha ndi chikondi chotere. Sindinkadziwa kuti munthu angakonde mwana mpaka pamenepo.

Usiku umenewo ndinagona mpaka belu la m'mawa, koyamba chiyambire chaka. Kutacha ndinapita kwa mayi Nancy, aphunzitsi athu a Bayoloje, n'kuwauza zonse. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma anatseka chitseko n'kundimvetsera mpaka kumapeto. Anati chaka chilichonse amaona ana otere, ndipo kawirikawiri amakhala akhama kwambiri aja. Ndowa ija analamula kuti ibwerere ku ntchito yake yochapira. Tochi akusunga ndi iwo. Anandiphunzitsa kuti mtima ukayamba kuthamanga ndiike cholembera pansi, mapazi onse agunde simenti, ndipume pang'onopang'ono mpaka dzanja likhazikike. Loweruka lililonse amandikhazika ndekha m'holo momwe ndinagwera muja n'kundipatsa pepala lakale kuti ndilembe, kuti thupi lizolowere malowo. Loweruka loyamba ndinatuluka thukuta lokhalokha. Lachiwiri ndinalemba masamba atatu.

Kuwerenga ndasintha. Ndakumbukira mmene tinkachitira ku madrasa, wina akulakatula pamtima wina akumvetsera n'kumamukonza. Ndiye ine ndi Mayankho timakhala pansi pa mtengo, iye atagwira buku, ine n'kumamufotokozera mmene magazi amayendera m'thupi ngati ndikuuza mwana. Achimwene, ndinadabwa. Zonse zija ndinkati zathawa zinalimo, zikungotuluka zokha mwadongosolo. Ndinamaliza kufotokoza mtima wa munthu, zipinda zake ndi zitseko zake zotseguka ndi kutseka popanda wozilamula, kenako tonse awiri tinangogwira pachifuwa, tikumvetsera. Subuhanala. Zaka zonsezi ndinkaziloweza ngati mdani, osaona kuti n'zodabwitsa.

Netiboli ndabwererako, ngakhale ndikuthamanga ngati nkhalamba. Za Julayi sindinganame kuti mantha atha. Masiku ena amabwera, makamaka ndikayang'ana pakona ya bolodi paja.

Chonde apempheni bambo auze anthu zoona. Sindingathe kupirira kuti amayi azinyozeka pamjigo chifukwa cha ine.

Mlongo wanu,
Kulusumu


Senga Bay
14 Juni 2025

Kulusumu,

Salamu. Tili bwino. Mwera wayamba, ndiye masiku ambiri maboti ali pamtunda ndipo mayi Pauline akuyenda mwa apo ndi apo, usadabwe kalata zikamachedwa.

Pempho lako ndinafikitsa. Bambo akana. Akuti nkhani yako idzanenedwa ndi mwini wake, pa nthawi yake. Amayi akuti usawadere nkhawa, pamjigo amapita ndi ndowa osati ndi makutu. Koma ndisakunamize, zikuwawa. Mayi Asma afika poyamba kufunsa ngati mwanayo tidzamulerere kuno kapena ku Lilongwe. Ine ndikamva zotere ndimangoluma mano n'kuyang'ana bambo, iwo ali phee ndi singano yawo ya ukonde, ndipo mkwiyo umandithera.

Sindikufunsa ngati ulemba kapena ayi. Andiletsa, komanso ndaphunzira. Ungotiuza ngati bulangete lako likukwanira, kuzizira kwa ku Lilongwe timakumva.

Ayub


Lilongwe
19 Julayi 2025

Achimwene Ayub,

Asalamu alaikumu. Moni kwa bambo ndi amayi. Bulangete likukwanira. Kalatayi muwawerengere onse awiri pamodzi.

Ndalemba.

Sindinakuuzeni poyamba chifukwa ndinkafuna ndidutse kaye pa Bayoloje. Tsikulo tinafola panja pa holo, apolisi ali pakhomo, oyang'anira mayeso achilendo akutisecha m'matumba. Nditakhala pansi n'kutembenuza pepala, zija zinabweranso. Dzanja linayamba kugwedezeka, makutu kulira, mizere kusakanikirana. Ndinati basi, zathera pompano. Kenako ndinaika cholembera pa desiki, mapazi pansi, n'kuyamba kupuma. Ndinamva anzanga akulemba mbali zonse ngati mvula pa malata, ine ndili chikhalire. Mayi wina woyang'anira anaima pambali panga n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndili bwino. Ndinati, "Ndikudikira dzanja langa, mayi." Anagwedeza mutu n'kupitirira.

Ndipo linakhazikika. Ndinaliona ndi maso anga likusiya kunjenjemera, chala chimodzichimodzi, ngati si langa. Ndinatola cholembera, ndinawerenga funso loyamba, ndipo ndinalidziwa. Lachiwiri ndinalidziwanso. Ndinalemba mpaka chala chinachita chithuza. Funso lomaliza nthawi inandithera ndili pakati, koma sindinalire. Ndinatuluka m'holomo ndili ndi njala yoopsa, moti ndinadya nyemba zanga ndi theka la za Mayankho.

Zotsatira sindikuzidziwa. Mwina zidzafika pa udokotala, mwina sizidzafika, Allah ndiye akudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti pepala lililonse ndalowa, ndakhala mpaka belu, ndipo ndatuluka ndi miyendo yanga.

Pepala lomaliza ndi Lachinayi. Lachisanu ndikwera minibasi yoyamba ya ku Salima, ndipo ndikhala ndafika ku Senga Bay dzuwa lisanakwere kwambiri, nthawi imene amalonda amakhala adakali padoko ndipo amayi onse ali pa mathandala. Musanditumizire wakabaza, ndipo inu musabwere kudzandichingamira pa siteji. Ndivala yunifolomu yanga, malaya opisira, lamba womanga bwino kuti mimba akunenayo adzaisowe, chikwama pamutu. Ndiyenda wapansi, osadzera njira yachidule ya kuseri ija. Ndidzera padoko, pang'onopang'ono, ndipo ndipereka salamu kwa aliyense, kuyambira mayi Asma.

Bambo muwauze akhale pamene amakhala posoka ukonde, asadzuke. Anyamula zokwanira. Ndikufuna doko lonse lione mwana wawo akubwera kudzagwada pamaso pawo.

Mlongo wanu,
Kulusumu